Jenseti yakana kulira: mafunso ndi mayankho pa za kabuleta ndi petulo

Chaka cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti n'kumabwera maola owerengeka patsiku, aliyense amene anali ndi kajenseti kokankhidwira kuseri kwa chitseko anakakumbukira. Kuno ku Lusaka, ometa tsitsi a ku Mtendere, owotcherera mageti a ku Garden, amayi osunga nkhuku mufiriji ku Chawama, onse ankafika pakhonde panga ndi mawu amodzimodzi: "A makanika, inkalira bwinobwino iyi. Ndinangoiika. Lero yakana." Mafunso ali m'munsimu ndafunsidwa mpaka ndawaloweza. Ndikunena za injini zazing'ono za petulo: Honda GX160 ndi GX200, zinzake za ku China zolembedwa 168F zimene zadzaza m'majenseti ndi m'mapampu othiririra kudimba, komanso tiinjini ta two-stroke totchetchera udzu ndi tochekera mitengo.

Ndakoka chingwe mpaka phewa lawawa. Ndiyambire pati?

Lekani kukoka. Injini yabwinobwino imalira mukakoka kawiri kapena katatu. Mukafika kakhumi ndiye kuti ilipo nkhani, ndipo kukakamira kumangonyowetsa pulagi ndi kudula chingwe. Yambani ndi zinthu zochititsa manyazi zija. Switchi ili pa ON? Kampopi ka petulo n'kotsegula? Mwazula zonse zimene munalumikiza kujenseti? Nanga oyilo? Injini zambiri za mtunduwu zili ndi kachipangizo kodula moto oyilo akachepa, ndipo GX160 imangonyamula oyilo wokwana 0.6 ya lita basi. Akachepa pang'ono, kapena mukaimika jenseti pamalo opendekeka, imakana. Ndinakwerapo basi kuchoka ku Chilenje mpaka ku Matero kukangothira oyilo wosadzaza n'kapu yomwe.

Zimenezi zikakhala bwino, masulani pulagi muone kunsonga kwake. Ikakhala youma gwaa, chikhalirecho mwakoka kambirimbiri choke (kotsekera mpweya) ili yotseka, petulo sakufika. Ikakhala yonyowa, petulo akufika koma sakuyaka: mwina wachuluka, mwina moto palibe, mwinanso chimene mwathiracho chasiya kukhala petulo. Pofuna kudziwa msanga, thirani petulo watsopano, theka la kasupuni ka tiyi, pabowo la pulagi. Bwezerani pulagi, kokani. Ikalira masekondi awiri atatu n'kuzima, moto ulipo ndipo pisitoni ikadali ndi mphamvu. Vuto lili panjira ya petulo, kuyambira kuthanki mpaka kujeti, kamkuwa kabowo kodutsa petulo m'kabuleta. Ikangoti zii, kabuleta isiyeni kaye, mlandu si wake.

Kabuletayo ntchito yake n'chiyani kwenikweni?

Imasakaniza petulo ndi mpweya. Kuti petulo apse bwino, gawo limodzi la petulo limafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya, poyeza kulemera kwake. Mpweya ndi wambiri, petulo ndi kadontho chabe, ndipo kadonthoko kamayezedwa ndi timabowo.

Pansi pa kabuleta pali kakapu kachitsulo momwe petulo amadikiriramo. M'kakapumo muli float, kapulasitiki koyandama kamene kamakankha kasingano kotseka khomo petulo akadzaza, monga momwe thanki ya chimbudzi chamadzi imadzitsekera yokha. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya kudzera pakhosi pa kabuleta. Pakhosipo m'popapatiza, mpweya umathamanga, ndipo pothamangapo umayamwa petulo kuchokera m'kakapu kudzera mu main jet, kamkuwa kokhala ndi bowo la pafupifupi 0.7 mm. Palinso pilot jet, imene bowo lake ndi locheperapo pafupifupi ndi theka, ndipo ndi imene imadyetsa injini ikamalira pang'onopang'ono kapena yopanda katundu. Choke imatseka mpweya kuti injini yozizira iyamwe petulo wambiri.

Mulibe magetsi, mulibe pampu, mulibe matsenga. Kamchenga kamodzi kosaoneka bwino ndi maso ndiko kamagonetsa salooni yonse tsiku la Loweruka.

Yangokhala miyezi itatu osaigwira. Yawonongeka bwanji chinthu chili chikhalire?

Kukhalako ndiye kuwonongeka kwake. Petulo amakalamba, ndipo opanga injini amachenjeza kuti angayambe kusintha pa masiku 30 okha. Mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga injini ikazizira, ndi imene imayamba kuuluka. Kakapu ka kabuleta kali ndi bowo lopumira, choncho petulo wa m'menemo amauma pang'onopang'ono n'kusiya phula lofiirira lomata ngati uchi wapsa. Phulalo limakhala pansi, pomwe pali main jet. Jenseti yosungidwa m'kanyumba ka malata mwezi wa October, kunja kukutentha mpaka phula la mumsewu kufewa, zimenezi zimachitika mofulumira kwambiri.

Tsegulani thanki mununkhize. Petulo wabwino amalasa m'mphuno. Wokalamba amanunkha ngati vanishi wa akalipentala a ku Kalingalinga, ndipo mtundu wake umadera. Ameneyo musawonjezeremo watsopano n'kumayembekeza chozizwitsa. Khuthulani yense, m'thanki ndi m'kakapu momwe.

Imalira choke ikakhala yotseka. Ndikangotsegula imazima.

Ili ndiye funso la mlungu uliwonse. Injini ikukuuzani kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo mukaitsamwitsa ndi choke mukuithandiza kuyamwa mwamphamvu pabowo lotsekeka theka. Kawirikawiri ndi main jet, kapena timabowo ta kapaipi kamkuwa kamene kamakhala pamwamba pake. Nthawi zina jeti ndi yoyera koma mpweya ukulowera pambali, pa gasiketi yong'ambika kapena pa chipulasitiki chakuda chija chokhala pakati pa kabuleta ndi injini, chimene chimasweka anthu akamanga manati ngati akumanga tayala la minibasi.

Ndaona majenseti ambiri choke yake itamangidwa pakati ndi kawaya kapena labala ya chubu. Imalira ndithu, ndipo mwini wake amanena monyadira kuti anaipezera nzeru. Koma imamwa petulo ngati chidakwa, pulagi imada mlungu uliwonse, mwaye umadzaza pamutu pa pisitoni, ndipo petulo wosapsa amatsuka oyilo m'mbali mwa silinda. Ntchito imene ikanatha theka la ola imasanduka yosintha maring'i.

Ikulira mokwera ndi kutsika, ngati munthu wobuula. Babu likuwala n'kuzilala.

Pilot jet yatsekeka. Injini ikasowa petulo imatsika, gavana (kachipangizo kosunga liwiro la injini) amatsegula khosi la kabuleta kuti aipulumutse, imakwera mopitirira, gavana amatsekanso, n'kumangozungulira choncho. Mukatseka choke pang'ono n'kuona kuti kubuulako kwatha, musafunenso umboni wina.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musakhudze kasipuling'i ka gavana kapena sikuluwu yake. Magetsi a kuno ndi a 230 V pa 50 Hz, ndipo jenseti wamba imayenera kuzungulira ka 3,000 pamphindi kuti itulutse zimenezo. Mukaikweza ndi khutu kuti "imveke mphamvu", mwakwezanso magetsi, ndipo amene adzalipire ndi firiji ndi TV. Mpaka mutatsuka jetiyo, zinthu zodula zichotseni kaye.

Ndingatsuke ndekha, kapena mpaka kwa amakanika?

Mungathe, ngati muli wodekha. Mufunika sipanala ya 10, screwdriver yafulati yokwana bwino, pulayala, kachitini ka carb cleaner, ndi mbale yoyera. Mbaleyo musaiderere. Kapini kogwira float n'kakang'ono ngati kamtengo ka machesi kothyoka, ndipo kakagwera mumchenga wa pabwalo mudzakafuna mpaka dzuwa kulowa. Ine nkhuku ya aneba inandijomphera pilot jet ndikuona ndi maso angawa.

Tsekani kampopi. Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni momwe kandodo ka gavana ndi kasipuling'i kake kopyapyala zakolekedwera, pakuti pobwezera mpamene anthu amatukwana. Chotsani air cleaner, masulani manati awiri, vulani paipi ya petulo, kokani kabuleta pang'onopang'ono mukukolola kandodo kaja. Onetsetsani momwe magasiketi aliri, chifukwa ali ndi timabowo tating'ono timene timayenera kuyang'anizana ndi timabowo ta pakabuleta. Mukawatembenuza, injini idzalira moipa kuposa poyamba.

Masulani bawuti ya pansi pa kakapu. Zimene mupeze m'menemo ndi mbiri yonse ya jenseti yanu: dzimbiri lofiira ngati dothi la ku Chipata ndiye thanki yayamba kudyeka, ufa woyera ndiye madzi anagonamo, phula ndiye petulo wakale. Sololani kapini, chotsani float ndi kasingano kake. Main jet ili m'kati mwa mzati wapakati. Ndi yamkuwa, yofewa, choncho screwdriver ikhale yodzaza mpata wake, ndipo muikanikize musanapotoze. Ikaterereka kawiri, mutu wa jeti waphwanyika ndipo siidzatulukanso. Jeti ikachoka, gogodani kabuleta pachikhatho kuti kapaipi ka timabowo tam'mbali katsike. Anthu ambiri amakaiwala kameneka, n'kumadabwa kuti atsuka koma palibe chasintha.

Pilot jet ili pamwamba, kapulasitiki kakuda kopanikizidwa ndi sikuluwu ya idling (yoikira liwiro lotsika la injini). Werengani kuti sikuluwuyo mwaizungulitsa kangati poichotsa, kenako tukulani kajetiko mofatsa. Poperani mankhwala m'bowo lililonse mpaka atulukire kwina, maso anu ali kutali. Timalabala tonse tichotseni kaye, mankhwalawa amatifufumitsa. Pomaliza kwezani jeti iliyonse kudzuwa. Muyenera kuona kadontho ka kuwala kozungulira bwino. Kakaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, simunamalize.

Nditokose ndi singano?

Ayi, ndipo ndikunena monga munthu amene anachitapo. Ndili wophunzira, amdala amene ankandiphunzitsa anandisiyira pampu ya mlimi wina wa ku Chongwe, iwo n'kupita kumaliro. Jeti inali yotsekeka, mankhwala atatha. Ndinabwereka singano kwa amayi osoka pafupi nafe, n'kutokosa mpaka bowo kuyera mbee. Pampu inalira kukoka kamodzi, ine chimwemwe. Patapita masiku anayi mlimi uja anabwera nayo panjinga, nkhope ili gwaa: utsi wakuda, thanki ikutha mizere ya tomato isanathe. Amdala anaikweza jetiyo kudzuwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mwana, bowo ili analiyeza anthu a sukulu zawo. Iwe waliyeza ndi chiyani?"

Jeti yatsopano ndinagula ndi ndalama yanga ya nsima. Singano ndi chitsulo cholimba kuposa mkuwa wa jeti, ndipo imakuza bowo mosaoneka. Ngati phula lakanirira, sendani waya wamagetsi wofewa uja, mutengepo kaulusi kamodzi ka kopa. Kameneko kamapinda kokha kasanawononge kanthu.

Petulo akudontha pansi pa kabuleta, nthawi zina akutulukira ku air cleaner.

Kasingano ka float sikakutseka. Mwina kachitsotso kakhala pampando pake, mwina nsonga yake yalabala yadyeka n'kukhala ndi mzere wozungulira, mwina float yabooka. Yambani mwagogoda kakapu pang'ono ndi chigwiriro cha screwdriver, nthawi zina kachitsotso kamachoka. Zikapitirira, tsegulani. Float igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva kuti muli madzimadzi m'kati, yatha ntchito. Ngati kudonthako kuli m'mbali mwa kakapu kapena pabawuti, ndi kalabala chabe kapena washa.

Koma musaimire pomwepo. Petulo wosefukira amatsikira musilinda n'kukalowa mu oyilo. Tsegulani poyezera oyilo. Mukapeza kuti oyilo "wachuluka yekha", wapyapyala ndipo akununkha petulo, musalize injiniyo mpaka mutamusintha. Izi zimachitika kwambiri kwa amene amanyamula jenseti pawilibala kupita nayo kukantemba m'mawa uliwonse kampopi kali kotsegula. Mabampu a m'njira amavinitsa float, petulo n'kumangolowa.

Injini ikakhuta petulo chonchi, tsekani kampopi, tsegulani choke, switchi ikhale pa OFF, chotsani pulagi, kokani chingwe kasanu kapena kakhumi kuti iphwe. Pukutani pulagi ndipo muiumitse padzuwa. Zoiwotcha pambaula zija zimang'alula chadongo chake choyera.

Ndingadziwe bwanji kuti mupetulo muli madzi?

Pambali pa bawuti ya kakapu pali ina yopendekeka, yokhuthulira. Tcherani botolo loyera loonekera m'kati, masulani, tsegulani kampopi, mulandire petulo wokwana theka la kapu. Liikeni pansi mphindi imodzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo ndipo sasakanikirana naye, choncho mudzaona kathovu koyera kakugudubuzika pansi pa botolo mukalipendeketsa. Poti jeti imayamwa kuchokera pansi, supuni imodzi ya madzi imakwana kuimitsa injini ngakhale thanki ili yodzaza.

Madziwo amachokera kosiyanasiyana. Mvula imalowa pachivundikiro cha pampu yosiyidwa kudimba. Thanki yachitsulo yokhala theka imachita thukuta m'kati usiku kukazizira. Koma gwero lalikulu ndi zigubu zathu. Chigubu chomwecho dzulo chinatunga madzi kukiyosiki, dzana chinali cha saladi, lero chapita kukagula petulo. Sungani chigubu chimodzi cha petulo yekha, chokhala ndi chotsekera chake chenicheni, osati pulasitiki ndi labala. Kusefa ndi nsalu kumagwira zitsotso, madzi amadutsa.

Petulo wa m'mabotolo wogulitsidwa m'makona, ena ndi wabwino, ena ndi wobatizidwa ndi parafini kapena dizilo. Donthezani pang'ono papepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro. Wosakaniza amasiya banga lamafuta ngati pepala lokulungira vitumbuwa. Injini yomwa zotere imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi wotuwa ndipo imagogoda ikalemedwa.

A ku Kanyama ndi madera ena osefukira mu January ndi February: jenseti ikamira, musakoke chingwe kuti muone ngati ikadali moyo. Madzi ali musilinda sapanikizika, chimene chingapindike ndi con rod, ndodo yogwira pisitoni. Chotsani pulagi, khuthulani oyilo, thanki ndi kakapu, tsiku lomwelo dzimbiri lisanayambe.

Imalira bwino mphindi khumi kapena makumi awiri, kenako n'kuzima. Ikapuma imaliranso.

Yesani ichi musanamasule kanthu: ikayamba kutsamwa, masulani chivundikiro cha thanki. Mukamva kuti psii ndipo injini n'kutsitsimuka, bowo lopumira la pachivundikiro latsekeka. Petulo sangatsike ngati mpweya sukulowa m'malo mwake, monga chigubu chotembenuzidwa chimachitira kuti gubu gubu. Timajenseti tina ta inverter tili ndi kotsegulira mpweya pachivundikiro penipeni, ndipo anthu amaiwala kukaika pa ON.

Ngati si chimenecho, vulani paipi kukabuleta muone kathamangidwe ka petulo. Azituluka mosadukiza. Akamangodontha, onani kasefa ka m'thanki ndi kakapu kakang'ono ka pansi pa kampopi, kamene kamasonkhanitsa zitsotso ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti kamamasuka. Petulo akamathamanga bwino, yesani moto nthawi yomweyo injini ikangozima, ikadali yotentha. Koyilo (imene imapangira pulagi moto) ikatopa imagwira ikazizira, ikatentha n'kusiya.

Utsi wakuda, pulagi yakuda, mphamvu zochepa. Kabuleta yatha?

Tsegulani air cleaner kaye. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi la mu Lusaka limalowa ndi m'mano momwe, ndipo siponji ya injini yogwira ntchito m'mbali mwa msewu wadothi imasanduka chikwangwa. Injini yotsekeka mphuno ili ngati yotsekedwa choke tsiku lonse. Siponji ichapeni ndi madzi a sopo, iume bwinobwino, muidontheze oyilo pang'ono n'kufinya. Yapepala igogodeni, ikakana gulani ina. Buku limati muziyeretsa pa maola 50 aliwonse, koma kuno m'chilimwe ine ndimati mlungu uliwonse. Ochotseratu air cleaner kuti injini "ipume" akuidyetsa sandipepa.

Palinso china chimene ogulitsa sanena. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo. Mabuku a Honda amati injini imataya 3.5 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera. Kuno ndiye kuti pafupifupi 15 peresenti yapita musanalumikize n'babu lomwe. Injini yoti kugombe ingakoke ma watts 2,000, kuno muziwerengera cha m'ma 1,700. Jeti yoyezedwera kugombe imaperekanso petulo wochulukirapo pang'ono kuno, n'chifukwa chake mapulagi athu amakonda kuda. Wowotcherera akamadandaula kuti jenseti ikugwada akangogunditsa rodi, nthawi zambiri kabuleta ilibe mlandu, katundu ndiye wakula.

M'mwezi wa June ndi July imavuta m'mawa wokha.

Petulo wozizira sauluka msanga. Tsekani choke yonse, kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kulimba, bwezani chingwe, ndiye kokani kamodzi mwamphamvu. Ikalira, tsegulani choke pang'onopang'ono, ipatseni mphindi ziwiri musanaisenzetse katundu. Ikamavutabe, pulagi yatopa kapena mpata wake wakula. Uzikhala 0.7 mpaka 0.8 mm. Injini yotentha kale siifuna choke.

Nanga timakina totchetchera udzu ndi kajenseti kakang'ono kaja ka 950?

Izi ndi two-stroke, zilibe posungira oyilo, choncho oyilo amalowa limodzi ndi petulo. Muyezo walembedwa pachivundikiro kapena pathanki. Pakalembedwa 50:1, ndi 20 ml pa lita imodzi, kapena 100 ml pa malita asanu. Pakalembedwa 25:1, monga pamakina ambiri otchipa otchetchera, ndi 40 ml pa lita. Yezani ndi sirinji ya kufamase, osati ndi maso. Oyilo wake ndi wolembedwa 2T. Wa galimoto sapsa bwino, amatseka ekizozi ndi mwaye, ndipo wakuda wokhuthulidwa m'minibasi ndiye poizoni weniweni. Sakanizirani m'chigubu, gwedezani, ndipo musasakanize wambiri woti agone mwezi.

Makina otchetchera ndi ochekera mitengo kabuleta yake ilibe kakapu, pakuti amagwira ntchito chopendekeka ngakhale chadodolido. M'malo mwake muli tizikopa topyapyala timene timapopa petulo, monga m'makabuleta a Walbro ndi Zama. Makina akakhala chilimwe chonse udzu utauma, tizikopato timauma ngati chikonyo, ndipo mvula yoyamba ikagwa onse odula udzu amabwera mlungu umodzi. Apa kutsuka kokha sikuthandiza, pamafunika tizikopa tatsopano. Onaninso kapaipi ka m'thanki, kamene kamaola n'kuduka, ndi kabaluni kopopera: mukakadina kasanu petulo osaoneka m'kati, pali pamene pakulowa mpweya.

Masikuluwu olembedwa H ndi L asiyeni ngati simukuwadziwa. Mukatseka H mopitirira, makina amalira mokoma, mokweza, ngati atsopano. Koma mwachepetsa petulo, ndipo pochepetsa petulo mwachepetsanso oyilo. Pisitoni imagwira tsiku lomwelo.

Chinthu china chaching'ono: makina opachikidwa m'shedi, suzumirani kubowo la ekizozi. Mavu aja omanga ndi dothi amakonda pamenepo, ndipo two-stroke yotsekeka kumbuyo siilira ngakhale muipempherere.

Bwanji ndingogula kabuleta yatsopano?

Pa injini za 168F, nthawi zambiri ndi nzeru, makamaka ngati m'kati mwadyeka ndi madzi mpaka kuchita zibowo, jeti yaphwanyika mutu, kapena kamtengo ka throttle (kotsegula ndi kutseka khosi la kabuleta) kakugwedera. M'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni zimapezeka. Nyamulani yakaleyo m'thumba mukayerekeze pakauntala, pakuti ya jenseti ndi ya pampu zimasiyana chogwirira choke ndi kampopi ngakhale injini ili imodzi. Gulaninso magasiketi. Majenseti akuluakulu a 5 kVA ena ali ndi solenoid yamawaya (kotsekera petulo koyendera magetsi) pansi pa kakapu, ndipo ikamatirira imatseka jeti ngati kuti kabuleta yonse yafa.

Ngati injini yanu ndi Honda yeniyeni yokhala ndi kabuleta yake ya Keihin, ine ndingatsuke kawiri ndisanaitaye, chifukwa yotchipa imene mungaikepo siifikapo. Ndipo kabuleta yatsopano pathanki yadzimbiri imakhala yatsopano masiku atatu. Tsukani thanki, sinthani paipi, ikanipo kafyuluta pakati.

Kabuleta ndi yoyera, petulo watsopano, moto ulipo. Ikukanabe.

Tsopano mverani chingwe. Chikamabwera mopepuka ngati mulibe kanthu, vavu yakakamira yotsegula kapena maring'i atha. Injini yokhalitsa, phula lomwe lija limamata vavu yolowetsa. Chikamalimba modabwitsa n'kukubwezerani dzanja, mpata wa mavavu wakula. Pa GX160 ndi zinzake, injini ili yozizira, mpata ndi 0.15 mm kolowera ndi 0.20 mm kotulukira, ndipo poyeza pamafunika feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Kubweza dzanja kungakhalenso kakiyi koduka ka flywheel (chigudumu chimene chingwe chimazungulitsa), kamene kamachititsa moto kubwera nthawi yolakwika.

Moto umene mwauonawo muukayikirenso. Pulagi ingathethetse bwino panja koma n'kulephera m'kati mopanikizika, makamaka mapulagi achinyengo amene achuluka. Khalani ndi ina yodziwika bwino yoyesera, monga NGK BPR6ES pa injini zimenezi.

Usiku ndimaopa akuba. Ndingailize m'khitchini zenera lili lotsegula?

Ayi. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa June. Sununkha, suoneka, umangokugonetsani. Zenera silikwanira, khonde lotchingidwa silikwanira. Iikeni panja, ekizozi italoza kutali ndi mazenera anu ndi a aneba, muimange ndi tcheni kapena muiwotcherere khola la zitsulo lopita mphepo. Pothira petulo izimitseni ipole kaye, ndipo muunikire ndi foni, osati kandulo.

Malaiti akhazikika, jenseti ndikuisunga. Nditani kuti tisadzaonanenso?

Ngati muigwiritsanso ntchito mawa kapena mkuja, kutseka kampopi n'kokwanira. Ngati ikukhala kupitirira milungu iwiri itatu, zulani katundu yense, tsekani kampopi injini ikulira, muisiye izime yokha. Kenako masulani bawuti yokhuthulira ija, chifukwa pansi pa kakapu pamatsalabe petulo wokwana masupuni angapo, ndipo otsalawo ndi amene amasanduka phula. Wa m'thanki mukhuthulireni m'chigubu, mukathire m'galimoto kapena panjinga yamoto akadali wabwino, koma osati wosakaniza ndi 2T.

Sinthani oyilo injini ikadali yofunda. Yatsopano amasintha pakatha maola 20 oyamba, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Donthezani oyilo kasupuni kamodzi pabowo la pulagi, kokani kawiri switchi ili pa OFF, bwezerani pulagi. Pomaliza kokani chingwe pang'onopang'ono mpaka pamene chalimba, muchisiye pomwepo. Pamenepo mavavu onse awiri atseka, chinyontho sichilowa musilinda. Ikwezeni pathabwa kapena panjerwa, muifunditse nsalu osati pulasitiki, ndipo mumange kapepala pachogwirira kolembedwa tsiku limene mwakhuthula, kuti mwana amene adzatumidwe kukailiza mumdima adzadziwe kuti m'thanki mulibe kanthu.